Kabokosi ka juwisi kamene tinasiya patebulo

Moni kwa inu nonse a m'gulu lathu lino, amayi, abambo ndi achinyamata anzanga, m'dzina la Ambuye wathu Yesu Khristu. Ndine Tadala wa ku Barking kuno ku London, mtsikana wamtali uja amene amaima kumbuyo kwa kwaya n'kumaimba motsitsa mawu. Ndili ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ambiri munamva kuti mayi anga anadwala mwadzidzidzi pa ulendo wathu wokayenda m'nkhalango ya Epping mwezi wathawu. Koma ndi ochepa amene akudziwa kuti ndinatsala pang'ono kuwataya ndikuona ndi maso angawa, ndiponso kuti mbali ina ya vutolo inali kukhala chete kwanga. Amayi andiloleza kulemba zonse. Zambiri ndazitenga m'kabuku kanga kolembamo za tsiku ndi tsiku, kamene ndimalemba m'Chichewa chibwerereni kuno ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi, kuti anzanga a kusukulu akakatola asamve kanthu.

Mayi anga amagwira ntchito kunyumba yosamalirako okalamba ku Ilford. Ali ndi matenda a shuga, ndipo amadzibaya jakisoni m'mawa ndi madzulo. Kutchalitchi kunalibe amene ankadziwa. Amayi safuna kumveredwa chisoni, ndipo ankakonda kundiuza kuti matenda a munthu si nkhani yokamba m'basi. M'chikwama chawo simunkasowa kabokosi ka juwisi ndi maswiti angapo, chifukwa munthu wobaya jakisoni ameneyu akakhalitsa osadya, shuga amatsika kwambiri m'thupi, ndipo akapanda kulawa chotsekemera msanga akhoza kukomoka osadzukanso. Zimenezi ndinkazidziwa bwino. Anandiphunzitsa okha.

Ndinamaliza mayeso anga akuluakulu mu Juni, ndipo zotsatira zimatuluka mu Ogasiti. Amayi a mumpingo amene ana awo analemba mayeso anagwirizana zosala kudya masiku atatu, kuyambira m'mawa mpaka sikisi koloko madzulo, kutipempherera. Mayi anga analembetsa dzina lawo poyambirira penipeni. Lachinayi ndi Lachisanu anali pa ofu kuntchito, ndiye anangokhala m'nyumba n'kumawerenga Baibulo. Lachisanu madzulo ndinalemba m'kabuku kanga kuti: "Manja a amayi amanjenjemera podula anyezi. Ndikufuna kuwauza kuti asiye, koma ndiyambira pati? Akuvutikira ine."

Tsiku lachitatu la kusalako linali Loweruka, lomwenso linali tsiku la ulendo wa achinyamata. Amayi anali atalonjeza kale kuti adzakhala mmodzi wa makolo otiperekeza. M'mawa ndinawaona akudzibaya jakisoni monga mwa masiku onse. Kenako anatsegula chikwama, natulutsa kabokosi ka juwisi ndi maswiti aja, n'kuziika patebulo.

"Amayi, juwisi mwaiwala," ndinatero.

"Sindinaiwale. Munthu wosala sanyamula mayesero m'chikwama. Tiye, sitima itisiya."

Ndinaima pakhomo ndikuyang'ana kabokosiko. Ndikanatha kukaponya m'chikwama changa iwo osaona n'komwe. Koma ine ndinaleredwa kuti wamkulu akanena, mwana sawonjezerapo. Ndinkaonanso ngati kutenga juwisiyo n'kukayikira chikhulupiriro cha mayi anga. Ndinatseka chitseko. M'chikwama changa munali botolo la madzi, kabuku kanga ndi cholembera basi, chifukwa chakudya chonse cha gulu chinatsogola pa galimoto ya a Gondwe a mumpingo mwathu kukatidikirira kumalo opumulira, kumapeto kwa ulendo.

Tinatsika sitima ku Chingford dzuwa litayamba kale kuwotcha. Kunali kosangalatsa, sindinama. Amayi anayi otiperekeza anali atamanga zitenje pamwamba pa mathalauzi, kumapazi atavala nsapato zothamangira za ana awo. Mayi Gondwe, amene amatsogolera amayi a mumpingo, ndiwo anali patsogolo ndi mapu m'manja. Amayi anga anawaseka.

"Kwathu tinkayenda wapansi chifukwa chosowa galimoto. Kuno talipira sitima kuti tidzayende wapansi. Koma London yatipusitsa, Mayi Gondwe."

"Eni dziko amati ndi mankhwala, Make Tadala. Tiyeni timwe nawo, ndi aulere."

Tinalowa m'mitengo tikuimba nyimbo za kwaya. Mitengo ya kumeneko ndi ikuluikulu, ina yopindika ngati inakalamba itagwada, ndipo pansi pake pamakhala kamphepo kozizirira bwino. Tinadumpha timifuleni touma, tinakwera timitunda, anzanga akujambulana pa foni. Kwa nthawi yaitali ndinaiwala za mayeso, ndinaiwalanso za tebulo lija.

Patatha maola awiri ndinaona kuti amayi asiya kuimba. Anayamba kutsalira, thukuta likuyenderera m'khosi ngakhale tinali mumthunzi. Anakhala pachitsa n'kuvula nsapato imodzi. Mayi Gondwe anabwerera kudzawaona.

"Make Tadala, muli bwino koma?"

"Ndili bwino. Nsapato za mwanayu zikundithina. Pitirirani ndi anawo, tikupezani."

Mayi Gondwe anandiyang'ana ine, ngati akufunsa kuti n'zoona. Apa ndi pamene pamandipweteka kwambiri ndikakumbukira. Mawu anali pakamwa penipeni: amayi ali ndi shuga, abaya jakisoni, sanadye. Koma kuulula matenda a mayi ako pamaso pa anthu, iwo ali pomwepo atangonena kuti ali bwino, ndinaona ngati n'kuwavula. Ndinayang'ana pansi. Mayi Gondwe anati tisachedwe, nathamangira gulu.

Titanyamuka, nyimbo zinali zikumveka patali. Tinafika pamene njira inagawikana, amayi analowera kumanzere osaima n'komwe, ine n'kumawatsata. Patapita kanthawi nyimbo zija zinazimiririka. Njira inayamba kuchepa, minga ikutikola m'miyendo. Ndipamene amayi anatembenuka n'kundifunsa, mawu akukoka ngati munthu woledzera: "Gogo wa m'chipinda chachinayi wamwa mankhwala ake?" Ankaona ngati ali kuntchito. Anayenda mapazi ena atatu, miyendo inawalobodoka, nakhala pansi motsamira mtengo. Nditawagwira pachipumi panali pozizira, ponyowa. Maso anali otsegula koma sankandiona.

Ndinaimbira Mayi Gondwe, foni inangolira kamodzi n'kuduka. Ndinayesanso, osatheka. Ndinaimba nambala ya ambulansi, ndipo mwa chisomo inalowa. Mayi amene anayankha anali wodekha kwambiri. Anandifunsa kuti tili mbali iti ya nkhalango. Ndinayang'ana uku ndi uku, kulikonse mitengo yofanana, mapu a pa foni osatseguka. Anandiuza kuti thandizo lanyamuka, koma galimoto singalowe pakati pa mitengo, ndiye atenga nthawi kuti atipeze. Kenako anafunsa ngati amayi akutha kumeza. Ndinati inde. Anati: "Apatse chotsekemera chilichonse, pompano, usadikire ife."

Ndinakhuthulira chikwama changa pansi. Madzi, kabuku, cholembera. Ndinakhuthula cha amayi. Baibulo, mpango, makiyi, khadi la sitima. Ndinapisa m'matumba onse kufuna ngakhale siwiti imodzi yoiwalika, koma munalibe. M'maso mwanga munkangobwera kabokosi kaja, kali phee patebulo ku Barking, kaudzu kake koyamwira kali kumbali.

Ndinathamangira kutsogolo ndikukuwa m'Chingerezi kuti wina atithandize. Ndinabwerera, n'kuthamangira mbali ina, ndikukuwabe. Palibe anayankha. Nditabwerera kachiwiri ndinapeza mutu wa amayi utapendekera paphewa, milomo ikunjenjemera. Ndinagwada m'masamba ouma, ndinagwira dzanja lawo, ndipo ndinapemphera mokweza kuposa mmene ndinapemphererapo chibadwire. Chibwerereni ku London sindinkalankhula Chichewa panja, ndinkachita manyazi, ngakhale amayi akandilankhula m'sitolo ndinkayankha m'Chingerezi. Koma tsiku limenelo Chingerezi chinandithawa. Ndinalira kuti: "Ambuye Yesu, musanditengere amayi anga! Mayesowo ndilephere onse, zilibe kanthu, koma amayi anga ndisiyireni. Ndilibe wina kuno. Tumizani munthu, Ambuye, tumizani munthu!"

Sindikudziwa kuti ndinabwereza kangati. Ndinangomva tchire likuswa kumbuyo kwanga, kenako mawu a mzimayi: "Ndani akulira Chinyanja m'thengo muno?"

Anatulukira mayi wachikulire, wamfupi, wovala chipewa chachikulu, ndodo ziwiri zoyendera zili m'manja, kachikwama kumsana. Dzina lawo ndinalidziwa pambuyo pake, ndi Mayi Mbewe. Anabadwira ku Zimbabwe, pa famu ya fodya kumene bambo awo anapita kukagwira ntchito kuchokera ku Dedza ali mnyamata. Amaphika kusukulu ina ku Tottenham, ndipo Loweruka lililonse amayenda m'nkhalangomo chifukwa adokotala anawauza kuti aziyenda. Anadzandiuza kuti kukuwa kwanga koyamba anakumva, koma anaganiza kuti ndi ana akusewera, poti m'chilimwe ana amakuwa choncho tsiku lonse. Chimene chinawaimitsa ndi pemphero. Anati chimwalirireni bambo awo anali asanamvepo munthu akuitana Yesu m'chilankhulo chimenecho, ndipo miyendo inangopatuka yokha kusiya njira.

Ndinawafotokozera mwachidule ndikulira. Anatenga foni m'manja mwanga, nauza mayi wa ambulansi uja dzina la njira imene tinali pafupi nayo ndi malo oimika magalimoto oyandikira. Kenako anagwada, natulutsa fulasiki, nathira tiyi wopanda mkaka m'chivindikiro chake, n'kuthiramo madzi anga pang'ono kuti azizire.

"Adokotala anga amati ndisiye shuga," anatero akupukusa chivindikirocho. "Ine ndimathira masupuni anayi pa kapu. Lero ndadziwa chifukwa chake sindinkawamvera."

Mtima wanga unayamba kutsika. Ndinaganiza kuti basi, vuto latha. Koma Mayi Mbewe atafikitsa tiyi pakamwa, amayi anatembenuza nkhope n'kumanga milomo.

"Ndikusala," ananong'ona. "Sikisi sinakwane. Mayeso a mwana."

Anali ataiwala kumene ali, ataiwala dzina langa, koma zimenezo sanaiwale.

"Asisi, imwani pang'ono chabe," Mayi Mbewe anawanyengerera. Amayi anakankha dzanja lawo, tiyi yense n'kutayikira pachitenje. Mayi Mbewe anagwedeza fulasiki pafupi ndi khutu kuti amve wotsala, ndipo nkhope yawo inasintha. Anathiranso, nandipatsa ine chivindikirocho.

"Ine sakundidziwa. Iwe ndiwe mwana wawo. Lankhula nawo."

"Sindingawakakamize," ndinatero. "Ndi amayi anga."

Anandiyang'ana m'maso. "Mwanangu, ulemu umenewo ukufuna ukaupereke kumanda?"

Mawu amenewo anandibaya. Ndinaona kuti m'mawa ndinakhala chete, pachitsa paja ndinakhala chete, ndipo ndikakhalanso chete kachitatu sipadzakhala kachinayi. Ndinabwezera chivindikiro kwa Mayi Mbewe, ndinagwira nkhope ya amayi ndi manja awiri, chinthu chimene sindinachitepo, n'kuitembenuzira kwa ine. Ndinalankhula mokweza, mawu amene sindinkadziwa kuti ndili nawo.

"Amayi! Ndiyang'aneni, ndine Tadala. Mayesowo ndi anga, ndiye ine ndikuti kusala kwatha. Mulungu wamva kale. Tsegulani pakamwa mumwe. Panopa!"

Anandiyang'ana nthawi yaitali ngati munthu amene akuyesa kukumbukira kumene anandionapo. Kenako milomo inamasuka. Mayi Mbewe anawamwetsa pang'onopang'ono, ine nditawagwira mutu, ndikuwerenga kumeza kulikonse. Chivindikiro choyamba chinatha, chachiwiri chinatha, fulasiki inauma. Tinadikira. Mayi wa ambulansi anali akadali pa foni, akutiuza kuti tiziwalankhulitsa. Mayi Mbewe anayamba kuimba motsitsa nyimbo ya kutchalitchi imene ankaimba bambo awo, mawu ena atawaiwala, ine n'kumawakumbutsa.

Patatha mphindi ngati khumi, kunjenjemera kunachepa. Amayi anaphethira, nayang'ana mitengo, nayang'ana mayi wachilendo wa chipewa, kenako ine.

"Iwe," anatero, mawu awo enieni atabwerera. "Umandikalipira ine?"

"Eya, amayi."

"Hm. Nanga awa ndi ndani? Bwanji sunawapatse moni bwinobwino?"

Mayi Mbewe anaseka mpaka chipewa chinagwa. Ine ndinkaseka ndi kulira nthawi imodzi, mamina akutuluka m'mphuno. Mayi Mbewe anatulutsanso buledi wopaka jamu amene anali kamba wawo, ndipo amayi anadya osatsutsa.

A ambulansi awiri anafika wapansi atanyamula zikwama zawo. Anabaya amayi pachala kuyeza shuga, nati akukwera koma anali atatsika koopsa, ndipo tiyi uja ndi amene anawasunga mpaka thandizo litafika. Tikutuluka m'nkhalango tinakumana ndi Mayi Gondwe akuthamanga, chitenje chili m'manja. Anali atabwerera kudzatifuna ataona kuti sitikufika. Atamva zonse anagwira pakamwa.

"Make Tadala, zaka zonsezi tikukhala benchi imodzi, osatiuza? Tikanadziwa, ndani akanakulolani kusala? Mumafuna tikamuuze chiyani mwanayu?"

Amayi anangogwira dzanja la Mayi Gondwe.

Kuchipatala anawasunga maola angapo, nawalangiza, n'kuwatulutsa dzuwa lisanalowe. Titatsegula chitseko kunyumba, chinthu choyamba kuchiona chinali kabokosi ka juwisi kaja ndi maswiti, zili pomwe tinazisiya. Tonse tinaima n'kumaziyang'ana. Ine ndinagwada pansi kuti ndipepese chifukwa chowakwezera mawu ndi kuwagwira kumaso.

"Dzuka," anatero amayi. "Ukanandikalipira m'mawa pomwe pano, sitikanavutitsa anthu onse aja." Anatenga kabokosiko n'kukaika m'manja mwanga. "Ine ndimasamala okalamba tsiku lililonse, ndimawakakamiza kumwa mankhwala akukana. Ndinkadziwa zimene ndikuchita kuti n'zolakwika, koma ndinkaopa kuti anthu anena kuti Make Tadala chikhulupiriro chawo n'chochepa, sangasalire mwana wawo yemwe. Kuyambira lero, ukaona ndikusewera ndi moyo, ulankhule. Ngakhale pamaso pa abusa."

Lamlungu lotsatira amayi anaimirira pa msonkhano wa amayi n'kunena okha za matenda awo. Anandiuza kuti atakhala pansi, amayi ena awiri anawatsatira panja n'kuwanong'oneza kuti nawonso amamwa mankhwala mobisa ndipo amasala akuchita chizungulire. Amayi busa analankhula momveka kuti Mulungu safuna nsembe ya mtembo, ndipo wodwala akafuna kusala ayambe wafunsa adokotala, apo ayi asale zinthu zina osati chakudya. Pano mayi anga akafuna kusala amasiya foni ndi mafilimu awo a madzulo. Iwo amati kumeneko ndiye kusala kowawa kuposa njala.

Ndikuthokoza Mulungu amene anamva kulira kwanga pakati pa mitengo pamene panalibe munthu woona. Ndinapempha kuti atumize munthu, ndipo anatumiza munthu womva chilankhulo cha kulira kwangako, wodziwa njira zonse za m'nkhalangomo, wonyamula tiyi wa masupuni anayi. Ndikuthokoza Mayi Mbewe, amene tsopano ndimawatchula kuti azakhali. Ndikuthokoza mayi wa pa foni uja amene sindidzamuona nkhope, a ambulansi, ndi Mayi Gondwe amene anabwera kunyumba ndi mphika wa nkhuku n'kudzawakalipiranso amayi kachiwiri.

Kwa inu makolo athu, ndikupempha modzichepetsa: musatibisire matenda anu, ndipo musawabisire anzanu amene mumapemphera nawo. Mapemphero anu timawafuna, koma timafunanso inuyo. Kwa achinyamata anzanga, ulemu ndi wabwino ndipo ine sindinausiye. Ndimalandirabe zinthu ndi manja awiri. Koma ndaphunzira kuti kukhala chete pamene kholo lako likulowera kuphompho si ulemu, ndi mantha chabe. Ndipo kwa aliyense amene ali pakati pa nkhalango yake lero, wakuwa mbali zonse osayankhidwa, musaleke kuitana. Ine ndinayankhidwa nditaganiza kuti mawu anga akungothera m'masamba.

Zotsatira za mayeso zituluka sabata yamawa. Kale ndikangoganiza za envulopu ya zotsatirazo ndinkachita mantha. Pano ndikudziwa kuti kaya mukhala zotani, ndikaitsegula amayi ali pambali panga, ndipo chimenecho ndi chimene ndinapempha.

Loweruka lapitali tinabwereranso ku Epping, ine, amayi ndi azakhali a Mbewe. Amayi anadya phala lawo m'mawa, anagula nsapato zowakwana, ndipo anayenda ulendo wonse akudandaula kuti talipiranso sitima kuti tidzayende wapansi. Titafika pamtengo uja tinaima n'kupemphera mwachidule. Tisananyamuke anandifunsa ngati ndanyamula juwisi. Ndinatsegula chikwama n'kuwaonetsa timabokosi titatu.

"Titatu tonse? Ukufuna kutsegula sitolo?"

"Kamodzi n'kanu, kena n'ka azakhali," ndinatero. "Kachitatu n'ka munthu amene tingamumve akulira m'thengo."

Ambuye akudalitseni nonse. Ameni.